Zikomo inu amene munandigwira dzanja maso atachita ng'ala

Abale ndi alongo, anzanga a gulu lathu loona mbalame kuno ku Zomba, ndi nonse amene mwakhala mukufunsa za ine pa Facebook pano ndi pa WhatsApp: maso onse awiri achira. Adokotala andiona komaliza sabata yatha, mankhwala odontheza aja akuti ndisiye, ndipo mawu ano ndalemba ndekha osaitana mdzukulu kuti andigwirire foni. Ndiloleni ndithokoze, ngakhale nditalikitse.

Poyamba ndithokoze Mulungu amene wandisunga. Kenaka mayi a kunyumba, amene anapirira ukali wanga wa munthu wosaona bwino, nkumandiwerengera ngakhale manambala a mayunitsi a magetsi. Madokotala ndi anamwino a maso, ntchito yanu ndaiona ndi maso omwe munakonzawo. Kudikira tsiku la opaleshoni kunatalika, ndipo kangapo ndinabwerera kunyumba ndi kope langa m'manja, koma tsiku litakwana ntchito yake inali ya kanthawi kochepa, m'mawa mwake nkuchotsa bandeji. Achibale amene munkabwera ndi timabotolo ta mankhwala azitsamba oti ndidonthezemo, ndikudziwa chinali chikondi, koma ng'ala sisungunuka ndi madzi a masamba. Amene muli ndi gogo kumudzi woti akuona chifunga masana, makamaka ngati ali ndi shuga monga ine, pitani naye kuchipatala.

Koma mawu ambiri lero ndi anu a gulu la mbalame, chifukwa zimene munachita n'zoti munthu akanatha kuzileka popanda womudzudzula.

Chaka chatha, mvula ya chizimalupsa itangogwa, ndinakulemberani kuti mundichotse pa mndandanda wa maulendo. Novembala ndi Disembala ndiyo miyezi imene timaidikira chaka chonse: mbalame za m'nkhalango zikuimba chifukwa ikhala nyengo yomanga zisa, zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zafika, msewu wa ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, usanaterere. Ine nthawi imeneyo dziko ndinkaliona ngati ndikusuzumira m'pepala la pulasitiki la shuga. Ndinkati woona mbalame wopanda maso adzangokhala katundu. Yankho lanu silinali la mawu. Loweruka m'mbandakucha galimoto inaima pageti, hutala kulira, ndipo mayi wathu wosunga chuma anakuwa ali pawindo kuti, “Aphunzitsi, mpando wanu walipiridwa kale, musationongetse ndalama.” Ndinakwera ndikung'ung'udza.

Tsiku limenelo pamwamba pa phiri la Zomba, kufupi ndi damu la Mulunguzi, achimwene amene amatitsogolera njira aja anandigwira pachigongono nkundiimika pansi pa mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mtsinje. Anati, “Bambo, m'nkhalango muno tonse ndife osaona. Masambawa atiphimba tonse. Tcherani khutu.” Ankanena zoona. Kudambo mbalame umaiona isanalire, koma m'nkhalango ya m'phiri umaimva kaye, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Anayamba kundiphunzitsa kulekanitsa mawu: pumbwa amene tonse timamudziwa, nkulukulu wokhosomola kumwamba kwa mtengo, gogomole akugogoda thunthu louma, ndi timawu tina tating'ono tobwerezabwereza m'zitsamba timene zaka zonsezi ndinkangotidutsa poti maso anali kalikiliki kusaka nthenga. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, koma mnyamata amene uja, yemwe sukulu anailekera panjira chifukwa cha fizi, ali ndi kudekha kumene ine ndinalibe ndi choko m'manja. Achimwene, zikomo. Ndalama imene timakupatsani pa ulendo ndi yochepa poyerekeza ndi zimene mumadziwa, ndipo nkhani imeneyi ndidzaidzutsa pa msonkhano.

Ndithokozenso atsikana awiri a ku yunivesite amene munasinthana kuyenda pambali panga. Wina ankanena za njira, “muzu apa, mwala kumanzere,” wina ankandifotokozera chimene ena akuona. Mwana wanga iwe unkafotokoza ngati wowulutsa mpira pa wailesi. Kambalame kamene m'mabuku amakatcha Yellow-throated Apalis katatulukira, gulu lonse linangoti zii, iwe nkumandinong'oneza kuti kakhosi ndi kamimba n'zachikasu, pachifuwa padutsa mzere wakuda, kakudumpha, kabisala, katulukanso. Kambalame kameneka dziko lonse lapansi kamapezeka m'Malawi muno mokha, m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Azungu amalipira ndege kudzakaona. Ine ndinali pamtunda wa mikono yochepa chabe, osakaona, komabe ndinabwerera kunyumba nditakhuta.

Za ku Mulanje ndisabise, ndinkaopa. Njira ya ku chigwa cha Ruo, kupyola minda ya tiyi, ndi ya miyala yonyowa, ndipo chidutsireni namondwe Freddy mu Malichi 2023 phiri lija lili ndi zipsera zimene zimaopsa ngakhale wa maso awiri. Tinkasaka Thyolo Alethe, mbalame yamanyazi ya pansi pa nkhalango imene imakonda kutsatira linthumbu, nkumatola tizilombo tothawa mzere wake. Ndiye kuti uipeze, uyambe wapeza linthumbu. Linthumbulo linayamba kupeza ine. Amene munalipo mukukumbuka mmene mkulu wopuma pantchito anavinira pakati pa nkhalango, anyamata akumukutumula buluku, amayi atatembenukira kumbali akudziletsa kuseka. Mbalame inathawa phokosolo, ndipo palibe anandidandaulira ngakhale tinachokera kutali. M'malo mwake munandikhazika pamwala, tinakhala chete nthawi yaitali, mpaka inabwerera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pano ndiime kaye pa kuthokoza. Mbalame imeneyi inatenga dzina ku Thyolo, koma nkhalango ya phiri la Thyolo inatha pafupifupi yonse, anthu analima mpaka pamwamba. Yatsala m'timagawo tochepa kuno kummwera ndi m'mapiri angapo a kumpoto kwa Mozambique. Maso atatseguka, chinthu choyamba kundiwawa pokwera ku Ku Chawe chinali kuona malo amene ndinawasiya ali ndi mitengo tsopano ali mbee, zitsa zakuda ndi moto. Amayi osenza nkhuni amene timakumana nawo akutsika m'mawa sindingawaloze chala, chifukwa nanenso nyemba zanga zimapsa ndi makala magetsi akazima. Koma tisamanamizane kuti paini wodzalidwa m'mizere ndi nkhalango. Imani m'munda wa paini mumvetsere, kenaka mutsikire kumtsinje kumene kwatsala mitengo yachilengedwe. Khutu lokha likuuzani kusiyana kwake. Dzina la phiri palokha silizimitsa moto. Mulanje analowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2025, tikunyadira, koma ntchito ili pansi pa mitengo.

Ku Chilwa ndiko ndinavutika mumtima kwambiri chaka chatha, chifukwa kudambo ndi kwa maso. Bambo wopalasa bwato wa pa Kachulu, amene mwatinyamula zaka zonsezi, munandinyamula ngati mwana kundidutsitsa m'matope mpaka m'bwato, ndipo munakana kuti ndiwonjezerepo kanthu. Nyengo imeneyi madzi amakhala atatsika, bwato limayenda chokankha ndi nsungwi m'tinjira ta pakati pa njedza. Inu munkatchula mbalame ndi maina a kwanu, anzathu akutsegula mabuku kufunafuna a Chingerezi, ndipo nthawi zonse munkayamba ndinu. Munatiuza za 1995 pamene nyanja inauma anthu nkumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, ndi za 2018 pamene mabwato anagona pamatope osweka. Nyanja yopanda mtsinje wotulukamo, yosaya, yamchere pang'ono, koma ndiyo imadyetsa mabanja ndi matemba, makumba ndi milamba, ndipo ndiyo inali malo oyamba m'dziko muno kulowa m'kaundula wa madambo ofunika wa Ramsar. Munatiuzanso mosabisa kuti nsomba zikasowa anthu amatchera mbalame, inunso munatcherapo. Ndinakulemekezani chifukwa cha chilungamo chimenecho. N'kosavuta kudzudzula msampha uli ndi mpunga wa nyama m'kontena.

Mwezi wathawu tinabwererako, ine ndili ndi maso atsopano ndi chipewa chachikulu chimene adokotala analamula. Sindidziwa ndinene bwanji. Kakowa ndinkamudziwa kuyambira ndili mwana wobusa ng'ombe, koma kuyera kwake ndinali nditakuiwala. Ndinaona nkhwazi itakhala pamtengo wa asodzi, atsekwe akudutsa chapansipansi, nantchengwa akusanthula m'matope, ndi kambalame ka zala zazitali kaja koyenda pamwamba pa masamba a m'madzi osamira. Anamzeze anali ponseponse pamwamba pa njedza, ena mwa iwo atauluka kuchokera ku Ulaya kuthawa chisanu. Mnzathu wina anandipatsa magalasi ake oonera patali, ndipo ndinawagwira nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umalolera. Pepani achimwene, komanso zikomo.

Sabata yotsatira, kuphiri, kambalame kachikasu kaja ndinayamba kukamva ndine, gulu lonse lisanadziwe. Ndinaloza chitsamba, tinadikira, nkutulukadi. Mzere wakuda uja ulipodi pachifuwa, monga momwe unanenera mwana wanga. Mtsogoleri wathu anangondigwira dzanja osanena kanthu, ine ndinanamizira thukuta.

Pali ena ambiri. Adalaivala amene munkaima pafupi ndi khomo kuti ndisapunthwe pa ngalande. Amayi amene munkabwera ndi tiyi wopanda shuga m'fulasiki yapadera chifukwa cha ine ndekha. Mnzathu wa ku Blantyre amene unanditumizira mawu a mbalame pa foni kuti ndizimvera masiku amene ndinaletsedwa kutuluka pafumbi. A kumpingo amene munabwera kudzapemphera nane usiku woti mawa opaleshoni. Anyamata ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu wokwera phiri, amene munkandipatsa moni ndi dzina ngakhale ine sindinkakuzindikirani. Maina sinditchula pano poti sindinapemphe chilolezo, koma aliyense akudzidziwa.

Tsopano za kutsogolo. Mwakhala mukukamba zopita ku Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire, dambo limene linalowa m'kaundula wa Ramsar mu 2017, ndipo ine ndinkangokhala chete poganiza kuti sindidzafikako. Ndilembeni. Mpando wanga ndilipira ndekha ulendo uno, ndipo ndilipiranso wina umodzi. Ngati mukudziwa munthu wa vuto la maso, wamkulu kapena mwana wa sukulu, amene angakonde kupita nafe kuphiri mvula isanakhazikike, ndiuzeni ku inbox. Kuyenda pambali pake ndi kumuuza za mizu ndi miyala ndidzachita ndine. Ife timanyamuka 5 koloko m'mawa, ndipo abwere ndi nsapato zotseka ndi masokosi aatali chifukwa cha linthumbu.