Zikomo anthu a ku Namwera

Tinalowera pa Chiponde kuchokera ku Mandimba m'dziko la Mozambique, tikuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, ine ndili kumsana kwa amayi. Inu agogo a ku Namwera simunafunse kuti ndife ayani. Munatigoneka m'khitchini mwanu, n'kutipatsa phala la mgaiwa, pomwe nanunso nkhokwe inali itatsala pang'ono kutha. Anamwino amene munandizula matekenya ndi singano mukundiseketsa kuti ndisalire, ntchitoyi ndinaisirira kwa inu. Aphunzitsi munandilemba sukulu ndilibe kapepala kalikonse.

Nkhondo itatha mu 1992 anzathu ambiri anabwerera kwawo, ife tinatsala. Lero ndimaona odwala kuno ku Mangochi, ambiri a malungo ndi likodzo, ndipo ena ndi zidzukulu zanu. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni nonse.