Masabata awiri ku Philippines, pakati pa anthu okhulupirira kuti dziko lawo likudzuka

Ndinatera pabwalo la ndege la Ninoy Aquino ku Manila mu Seputembala 2024, nditachoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ndipo chimene chinandikopa maso pamalo olandirira katundu chinali mulu wa makatoni aakulu omatidwa tepi mbali zonse, olembedwa mayina a midzi ndi zilumba. Eni ake amawatcha balikbayan, kutanthauza wobwerera kwawo, ndipo mumakhala sopo, nsapato, chokoleti ndi nyama ya m'zitini zimene munthu wakhala akusonkhanitsa pang'onopang'ono kumene amagwira ntchito. Mayi wina amene ndinamuthandiza kukweza katoni yake pa ngolo anandiuza kuti ndi namwino ku Saudi Arabia, ndipo kuti mwana wake woyamba watsala pang'ono kumaliza maphunziro a uinjiniya. Ananena zimenezi akumwetulira ngati munthu amene wakolola munda umene analima yekha.

Chimene ndinapitira chinali mpunga. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo ntchito yanga ndi ya ulangizi wa zaulimi, choncho ndinali ndi ludzu loona Los Baños, tauni yomwe ili m'tsinde mwa phiri la Makiling, makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa Manila. Kumeneko kuli likulu la International Rice Research Institute, bungwe lofufuza za mpunga limene linakhazikitsidwa mu 1960, ndipo ndi kumene kunatuluka mbewu ya IR8 mu 1966, mpunga waufupi msinkhu wosagwa ndi feteleza umene unachulukitsa zokolola m'maiko ambiri a ku Asia. Ndinaima m'mphepete mwa timinda toyeserera mbewu, madzi akuyenda mwadongosolo m'ngalande za simenti, ndipo ndinakhala nthawi yaitali ndikungoyang'ana. Chodabwitsa n'chakuti dziko limene linaphunzitsa anzake kulima mpunga lero lili m'gulu la maiko ogula mpunga wochuluka kwambiri kunja, makamaka ku Vietnam. Dalaivala amene ankandiyendetsa, yemwe ndinaphunzira kumutchula kuti kuya, mawu aulemu oitanira mkulu wako wamwamuna, anavomereza kuti nkhaniyi imawawa, pakuti Mfilipino amadya mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mtengo wake ukakwera boma silipeza tulo. Koma sanachedwe nayo. Anandiuza kuti ndisaweruze dziko ndisanaone Taguig, mzinda woyandikana ndi Manila, usiku.

Tinapitadi. Dera la ku Taguig lotchedwa Bonifacio Global City linali gawo la kampu ya asilikali ya Fort Bonifacio, koma lero ndi nkhalango ya nyumba zosanja zagalasi, misewu yoyera ndi mitengo yodzalidwa m'mizere. Itakwana 9 koloko usiku, nthawi imene kwathu anthu amakhala atatseka zitseko, ndinaona achinyamata mazanamazana atavala ziphaso m'khosi akulowa m'maofesi ngati kuti kwangocha kumene. Mmodzi wa iwo anali mdzukulu wa mayi amene ndinkagona kwawo. Iye amayankha mafoni a makasitomala a ku America, ndipo chifukwa New York imatsalira ndi maola 12 m'nyengo imeneyo, usiku wake ndiwo usana wa ntchito. Ntchito zoterezi zalemba anthu oposa 1.5 miliyoni m'dzikomo, ndipo chimene chinazikoka ndi Chingerezi chimene chinazika mizu pamene America inkalamulira zilumbazi kuyambira 1898 mpaka 1946. Mtsikanayo anandionetsa pafoni yake mmene amatumizira ndalama kwa amayi ake kumudzi kudzera pa GCash, monga momwe ife timachitira ndi Mpamba, kenaka anandionetsa chithunzi cha nyumba ya njerwa imene yalowa m'malo mwa ya nsungwi. Maso ake anali ofiira ndi tulo, koma anandiuza mosajejema kuti iye sadzapita kunja monga anachitira azakhali ake, chifukwa ntchito yamupeza kwawo.

Mawu amenewa ndiwo ndinawamva mobwerezabwereza, m'njira zosiyanasiyana, masiku onse amene ndinakhalako. Akuluakulu amakumbukira nthawi imene dziko lawo linkatchedwa wodwala wa ku Asia, pamene anansi awo monga Thailand ndi Malaysia ankawasiya m'mbuyo, ndipo amatchula chaka cha 2013 monyadira, pakuti m'chaka chimenecho bungwe la Fitch linaika Philippines koyamba m'gulu la maiko odalirika kuwabwereketsa ndalama. Mliri wa Covid unagwetsa chuma ndi 9.5 peresenti mu 2020, koma mu 2022 chinakula ndi 7.6 peresenti, ndipo chiwerengero cha boma chikusonyeza kuti osauka anatsika kuchoka pa 18.1 peresenti mu 2021 kufika pa 15.5 peresenti mu 2023. M'dziko la anthu oposa 109 miliyoni, kutsika kotereku ndi mabanja ambirimbiri amene ayamba kudya mokhuta.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ndinaona zonyezimira zokhazokha. Tsiku lina tinadutsa ku Tondo, dera la Manila lomwe lili pafupi ndi doko, kumene zisakasa zamalata zapanikizana m'mphepete mwa ngalande zamadzi akuda, ana akusewera pamatabwa oyalidwa pamwamba pa matope. Pamsewu wa EDSA, womwewo umene khamu la anthu linadzaza mu February 1986 mpaka pulezidenti Ferdinand Marcos anachoka pampando, tinatha pafupifupi maola awiri tikukwawa pakati pa mabasi ndi magalimoto. Kuya anandiuza za njanji yapansi panthaka imene ikukumbidwa ndi ngongole ya ku Japan, ndipo anailankhula ngati kuti waikwera kale.

Chimene chinandikhudza kwambiri, komabe, ndi mtengo umene mabanja amalipira. Afilipino ogwira ntchito kunja, anamwino, antchito a m'nyumba ndi amalinyero odzaza sitima zapamadzi za dziko lonse, amatumiza kwawo ndalama zoposa madola 30 biliyoni chaka chilichonse, ndipo boma limawatcha bagong bayani, ngwazi zatsopano. Dzinali ndi loyenera, koma mayi amene ankandisunga, yemwe analera adzukulu atatu makolo awo ali kunja, anandiuza kuti wamng'onoyo anazolowera kutchula foni kuti mayi. Ife amene tinaona azibambo athu akupita ku Joni n'kubwera ndi wailesi ndi njinga, ana atakula osawadziwa, nkhani imeneyi sitichita kufotokozeredwa. N'chifukwa chake ndikuganiza kuti kunyada kwa mtsikana wa ku Taguig uja kuli ndi maziko olimba kuposa nyumba zagalasi zimene amagwiriramo ntchito, pakuti iye akuona kuti mwina mbadwo wake udzalera ana ake wokha.

Lamulungu lomaliza ndinapita ku Rizal Park, pamalo pamene José Rizal, wolemba mabuku amene Afilipino amamutenga ngati ngwazi ya dziko lawo, anawomberedwa ndi boma la atsamunda a ku Spain pa 30 Disembala 1896. Asilikali amalondera chipilala chake, koma kapinga yense wozungulira anali wa mabanja atayala mphasa, akudya ndi kujambulana. Mwezi umodzi m'mbuyomo Carlos Yulo, katswiri wa masewero opidiguka, anali atapata mamendulo awiri a golide pa Olimpiki ya ku Paris, patangopita zaka zitatu Hidilyn Diaz, wonyamula zitsulo zolemera, atabweretsa golide woyamba wa Olimpiki m'mbiri ya dzikolo, ndipo ndinaona tianyamata tiwiri tikupidiguka paudzu, wina akufuula dzina la Yulo. M'masitolo nyimbo za Khirisimasi zinali zitayamba kale, pakuti kumeneko chikondwererocho amachiyamba mu Seputembala.

Pobwerera, kuya anandipatsa chitumbuwa cha kokonati wanthete chimene Los Baños imatchuka nacho, nati ndi pasalubong, mphatso imene wapaulendo sayenera kufika kwawo alibe. Pakhomo la bwalo la ndege panali banja lina litazungulira bambo wachinyamata wonyamula chikwama chimodzi, wopita kukakwera sitima yake. Mwana wake wamkazi, wa zaka ngati zisanu, anagwira dzanja la bambowo n'kuligunditsa pamphumi pake monga mwa mwambo wawo wopempha dalitso, ndipo agogo ake anachita kumunyamula kuti alisiye.