Miyendo khumi ya nkhanu ndi chiyambi cha dzina lakuti Decapoda

Pamene tinkaphunzira za nyama zopanda fupa la msana, mawu amene anandivuta kuwamvetsa anali akuti Decapoda, dzina la gulu limene muli nkhanu pamodzi ndi abale ake a m'madzi monga shrimp ndi lobster. Mawuwa ndi a Chigiriki ndipo ali ndi mbali ziwiri: deka, kutanthauza khumi, ndi pous, kutanthauza phazi. Anawakhazikitsa mu 1802 ndi Pierre André Latreille, katswiri wa ku France amene anathera moyo wake akusanja tizilombo m'magulu.

Chimene chinandidodometsa n'chakuti ine ndinakulira pafupi ndi mtsinje, ndipo nkhanu zimene tinkavundukula pansi pa miyala zinkathawa cham'mbali ndi miyendo isanu ndi itatu basi. Iwiri inayo ili kuti? Nditatenga nkhanu yowuma m'chipinda chophunzirira sayansi n'kuigadamitsa, ndinaona kuti zopanira ziwiri zakutsogolo zija, zomwe tinkaziopa kuti zitipana chala, zimamera pamzere umodzi ndi miyendo ina yonse, ndipo zili ndi mfundo zopindikira ngati inzake. Choncho nazonso ndi miyendo, kungoti inasintha ntchito n'kukhala yogwirira chakudya ndi yodzitetezera. Apa m'pamene ndinagoma nalo dzinali, chifukwa Latreille anawerenga chiwalo potengera pamene chamera, osati ntchito imene chikugwira. Palinso tiziwalo tina tisanu ndi kamodzi pafupi ndi kamwa tothandiza kudya, koma timeneti sitiwerengedwa pa khumi paja.

Nkhanu zenizeni zili ndi dzina lawolawo, Brachyura, lochokeranso ku Chigiriki, lotanthauza mchira waufupi. Za m'mitsinje yathu ndi m'Nyanja ya Malawi kwa nthawi yaitali zinkaikidwa mu mtundu wa Potamonautes, mawu ophatikiza potamos, mtsinje, ndi nautes, woyenda pamadzi. Dzina limeneli ndalikonda kuposa onse, pakuti likunena zomwe maso anga anaona ndili mwana.

Mchira waufupiwo ndinaupeza utapindikira kunsi kwa mimba. Wa yamphongo ndi wopyapyala ndi wosongoka, pamene wa yaikazi ndi wotambalala ngati chivindikiro, ndipo m'menemo nkhanu ya m'mtsinje imasunga mazira ake mpaka ataswa tiana tokhala kale ndi miyendo yonse khumi.