Zikomo nonse amene munandifikitsa ku Great Hall

Lachisanu lapitali ndinavala gauni ku Great Hall ku Zomba n'kulandira digiri yanga ya zaluso ku University of Malawi, imene ambirife timaitchulabe kuti Chanco. Ndili ndi zaka 46. Mauthenga a pa WhatsApp achuluka moti sindingathe kuyankha aliyense payekha, choncho ndalemba pano.

Amene mumandidziwa ku Limbe mukudziwa kuti kwa zaka zoposa 20 ntchito yanga inali kulemba zikwangwani: mitu ya anyamata pamalo ometera, nkhuku ndi chipisi pamakoma a malesitilanti, mayina a magolosale. Ana anga atatu akula ndi ndalama ya burashi imeneyo ndipo ndimainyadira. Koma mtima unkafunabe sukulu. Ndinalembanso MSCE ndili bambo wa imvi, kenaka mwayi wa mature entry, wolowa ku yunivesite ngati munthu wamkulu, unapezeka.

Ndiyambe ndi inu, amayi a kunyumba. Tsiku limene kalata inabwera munakhala chete nthawi yaitali, kenaka munangofunsa kuti fizi ndi zingati. Kuyambira pamenepo mwasenza banja pa benchi lanu la kaunjika. Munatenga ngongole ku banki mkhonde katatu, anthu akukunenani kuti mukulipirira mwamuna wamkulu kukaphunzira zojambulajambula. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yathu ku Chilobwe ine ndili ku Zomba, munatulutsa ana usiku mvula ili pamutu. M'mawa mwake munabwerera m'matope kukafukula mabuku anga ojambulamo. Awiri okha ndi amene anapulumuka. Munawayanika tsamba ndi tsamba kusukulu kumene munathawira. Ine ndinafuna kusiya sukulu mwezi womwewo, inu munakana. Amayi, mawu ondikwanira ndilibe.

Aphunzitsi anga, zikomo chifukwa simunandinyengerere poona msinkhu. Ndinafika ndikudziwa kuti dzanja langa ndi lachangu. Sabata yoyamba mmodzi wa inu anaika chikho patebulo pafupi ndi windo, ine n'kumaliza m'mphindi 10. Anayang'ana pepala langa n'kundiuza mwaulemu kuti ndajambula chikho cha m'mutu mwanga, cha patebulocho sindinachione n'komwe. Ndinachijambula ndi makala milungu iwiri, mpaka ndinayamba kuona pamene mthunzi umathera ndi pamene kuwala kwa tebulo kumabwerera pansi pa chikhocho. Akuluakulu sananame, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpaka lero ndikagwira burashi ndimayamba ndakhala kaye duu.

Anzanga a m'kalasi, ambiri a inu ndinu a msinkhu wa mwana wanga woyamba. Munkanditchula kuti adadi, ndipo dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri. Munandiphunzitsa kutayipa pa kompyuta ndi kutumiza ntchito pa intaneti, osatopa ngakhale ndifunse kasanu. Kwacha itagwa mu Novembala 2023, mtengo wa penti utakwera, tinkagawana chubu chimodzi anthu anayi. Akalipentala a ku Chinamwali amene munkandipatsa zidutswa za matabwa zopangira mafulemu osafuna kanthu, Mulungu akuwonjezereni.

Chinthu chimene chandikhudza kwambiri ndi ntchito ya chaka chomaliza. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinali ndisanakwerepo kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, ngakhale kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaziika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, malo 127 onse pamodzi. Ndinapita ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi. Zojambula zofiira ndi za Akafula, anthu akale amene ankakhala kuno Achewa asanabwere, zoyera ndi za makolo athu Achewa, zopaka ndi dothi loyera, zambiri zokhudza chinamwali ndi Nyau. Nditaima pansi pa thanthwe ku Mphunzi misozi inalengeza: ndinapita ku yunivesite kukafuna luso, ndipo yunivesiteyo inandibweza kumudzi kwathu.

Apa ndithokoze azakhali anga, amene akhala namkungwi zaka zambiri. Munandifotokozera zimene mwamuna angamve, zina munati si zanga, ndipo sindinaumirire. Munandisonyezanso dambo lopezeka dothi loyera. Zithunzi 12 zimene ndinaonetsa pomaliza ndinazipaka ndi dothi limenelo, katondo ndi makala. Pa tsiku la chionetsero munabwera pa minibasi kuchokera ku Dedza, mwendo ukukuvutani, n'kuzungulira chipinda chonse osayankhula. Pamapeto munaimba nthungululu pakati pa maprofesa.

Ampingo, aneba a ku Chilobwe amene munatithandiza kuumba njerwa, ndi makasitomala amene munkadikira holide kuti ndidzakulembereni zikwangwani m'malo mopatsa wina, zikomo kwambiri.

Gauni ndabweza Lolemba. Pano ndakoka nsalu yatsopano pafulemu, ndipo amayi a kunyumba avomera kukhala pampando Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi kuti ndiwajambule. Akuti ola limodzi lokha, chifukwa zovala za Lolemba zimafunika kusita.