Kujambula nyenyezi ya nsonga zisanu yosapendekeka

Anthu amene amagwiritsa ntchito nyenyezi iyi pa miyambo yawo amafuna kuti nsonga imodzi iloze m'mwamba ndendende, ndipo mzere wake ukhale umodzi wosaduka. Ine ndimadalira kampasi ya mu seti ya masamu, ija amagula ana a sekondale m'mashopu a m'tauni ya Zomba. Ndimayamba ndamanga sikuluwu yake, chifukwa kampasi yolefuka imatseguka yokha ikamazungulira. Pensulo ndimatenga ya 2H yosongoka bwino, popeza HB imalemba mzere wonenepa umene umabisa malo enieni odutsirana mizere.

Ndimatsegula kampasi masentimita 10 n'kuzunguliza. Kenako ndimalemba mzere wowongoka wodutsa pakati, pomwe panabaya singano, ndipo pomwe wakhudza chozunguliracho kumtunda ndiye nsonga yoyamba.

Ambiri apa amathamangira pulotirakita kuti ayeze madigiri 72 kasanu. Sindiikhulupirira ya pulasitiki yaing'onoyo, manambala ake ndi othinana. Ine ndimatsegula kampasi masentimita 11.8 osakwanira pang'ono, n'kuyenda nayo pa chozunguliracho kuchokera pa nsonga ija, kasanu, ndikudinda timadontho tosaoneka kwambiri. Phazi lachisanu liyenera kugwera pomwe ndinayambira. Likapitirira ndi mamilimita 5, ndiye kuti phazi lililonse laposa ndi milimita imodzi. Pamenepo sindisuntha dontho lomaliza lokha ayi, nyenyezi ingatuluke ndi mwendo umodzi waufupi. Ndimachepetsa kampasi n'kuyambiranso onse.

Polumikiza ndimadumpha dontho limodzi nthawi zonse: loyamba kupita lachitatu, lachisanu, lachiwiri, lachinayi, n'kubwerera loyamba. Mzere uliwonse uyenera kukwana masentimita 19, ndiye ndimayeza yonse isanu ndisanagwire cholembera cha inki.

Ya nsonga zisanu ndi imodzi, imene ena amaitcha chidindo cha Sulemani, siivuta. Mukajambula chozungulira, kampasi simuisintha n'komwe, imakwana kasanu ndi kamodzi yokha.

Nyenyezi yaikulu ya nsonga zisanu yojambula pansi ndimakhoma msomali pakati, koma chingwe sindigwiritsa ntchito. Chimatamuka mukachikoka, ndipo m'dzinja, chifunga chikatsika m'phiri, cha thonje chimasintha utali ndi chinyontho. Ndimatenga kathabwa kopyapyala, n'kuboola mabowo awiri, lina la msomali lina la choko. Mukatalikitsa mabowowo mita imodzi, madontho atalikirane masentimita 117.6.