Dzina la Chitaliyana kwa mwana: muliyese pakamwa musanalilembe papepala

Mayina a Chitaliyana amakoma m'makutu mwathu chifukwa ambiri amathera pa a, e kapena o, ngati mawu a Chichewa. Koma kalembedwe kake kali ndi misampha, ndipo dzina likalowa molakwika pa chiphaso cha kubadwa, mwana amavutika nalo mpaka ku pasipoti.

Msampha woyamba ndi ch. Ku Italy zilembo ziwirizi zimamveka k. Chiara ndi "Kyara", Michele ndi "Mikele". Aphunzitsi akwathu poitana mayina m'kalasi adzawerenga ngati Chikondi, ndipo mwana adzatopa n'kuwongolera anthu. Liwu la ch lomwe timalidziwa ife iwo amalilemba ce kapena ci: Francesco ndi "Franchesko", Lucia ndi "Luchiya". Gi patsogolo pa a, o ndi u imamveka j, ndipo i samveka: Giulia ndi "Julya", Giovanni ndi "Jovanni". Gn ndi ny wathu, choncho Agnese ndi "Anyeze". Palinso pokweza mawu. Ife timatsindika mbali yachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo Matteo, Lorenzo ndi Sofia zimagwirizana nazo bwino. Stefano ndi Giacomo ayi, zimatsindikidwa koyambirira: STE-fano, JA-komo. Mpatseni gogo alitchule katatu. Likatuluka loti mungalikonde, litengeni, poti r ndi l adzazisakaniza ndithu.

Wachiwiri ndi kuganiza kuti dzina lothera pa a ndi la mtsikana. Luca, Nicola, Mattia ndi Elia ndi mayina a anyamata. Simone, Daniele, Gabriele ndi Michele nawonso ndi aamuna. Aakazi ndi Simona, Daniela, Gabriella ndi Michela. Andrea ku Italy ndi la mwamuna, ngakhale khoti lalikulu la dzikolo linalola mu 2012 kuti atsikana apatsidwenso.

Kumene ine ndimakonda n'kutanthauzo, chifukwa mayina ena amayenda limodzi ndi athu. Grazia ndi Chisomo, Gioia ndi Chimwemwe, Speranza ndi Chiyembekezo, Donato ndi wopatsidwa ngati Mphatso, Benedetto ndi wodalitsidwa. Chiara ndi wowala. Chenjerani ndi Addolorata: likumveka lokoma, koma limachokera kwa Maria wachisoni. Ngati dzina lakwanu ndi Chisomo, kuwonjezapo Grazia n'kunena chinthu chimodzi kawiri, pokhapokha mwachitira dala.

Ataliyana amakondwereranso onomastico, tsiku la woyera amene mwana watengera dzina. Giuseppe ndi 19 March, Chiara 11 August, Francesco 4 October, Lucia 13 December. Amene dzina lake lilibe woyera amasangalala pa 1 November. Kummwera kwa Italy mwambo wakale ndi woti mwana woyamba wamwamuna atenge dzina la agogo ake aamuna akuchimuna, n'chifukwa chake banja limodzi limatha kukhala ndi a Salvatore atatu. Mukakwatirana ndi wa kumeneko, kambiranani nkhaniyi mimba isanakule. Ofuna dzina lotchuka, Leonardo lakhala patsogolo kwa anyamata kuyambira 2018, litalanda malo kwa Francesco, ndipo kwa atsikana Sofia lakhala pamwamba zaka zambiri.

Mwana akabadwira ku Italy, malamulo a mu 2000 amakhudza dzina. Mumalembetsa kuchipatala m'masiku 3, kapena ku ofesi ya comune (khonsolo ya mzinda) m'masiku 10. Mayina asapitirire atatu, ndipo agwirizane ndi kuti mwanayo ndi mnyamata kapena mtsikana. Sangatenge dzina la bambo ake ali moyo, kapena la mbale kapena mlongo wake wamoyo. Dzina lochititsa manyazi kapena loseketsa limatha kufika kukhoti: ku Genova makolo ena anatcha mwana Venerdì, kutanthauza Lachisanu, ndipo khoti linasintha kukhala Gregorio.

Polembetsa kulikonse, lembani nokha dzinalo papepala m'zilembo zazikulu, mupereke kwa mlembi. Zilembo zapawiri ndizo zimagwa: Alessandro ali ndi s ziwiri, Matteo t ziwiri, Giuseppe p ziwiri, Isabella l ziwiri. Niccolò ali ndi kachizindikiro pa o womaliza, komwe makompyuta ena amakachotsa kapena kukasandutsa zilembo zachilendo. Werengani chilembo chimodzichimodzi musanasaine, ndipo muonetsetse kuti khadi ya kusikelo ndi kalata ya ubatizo zalembedwa mofanana ndi chiphasocho.