Ulendo wa ku Ulongwe: mseu umodzi, malamulo awiri

Amayi anzanga a mother group, gulu lathu loyang'anira atsikana pasukulu, amene simudakwanitse kupita nawo ku Ulongwe wa ku Mozambique, lipoti lija ndi ili, pepani lachedwa foni idali kwa aneba ku chaji. Ndilemba mmene ndidaonera ineyo, la pa pepala lopita ku bungwe lija lidatilipirira minibasi akulemba ndi mayi apampando, ilo nde likhala laulemu bwino, langali mundikhululukiretu.

Tidali anthu 14, amayi 11, anesi awiri ndi bambo mmodzi wa komiti ya sukulu. Tidanyamuka pa Lizulu kukadali mdima, chisanu chake chija cholowa mpaka m'mafupa, aliyense zitenje ziwiriziwiri. Chodabwitsa nchoti Mozambique timamuona tsiku ndi tsiku tsidya la tala, nyumba za kumeneko timaziona tili pakhomo, nkhuku zathu zimakadya konko, koma kuti tikalowe mwalamulo tidayenera kukwera mpaka pa boda ya Dedza, mbali inayo amati Calomue, kudinditsa maboda pasi nkusintha timakwacha tathu kukhala metikashi. Mayi msungichuma njira yonse ankangoyeserera bom dia bom dia kuti asakachite manyazi, titafika ku Ulongwe munthu oyamba kutilonjera adangoti mwadzuka bwanji amayi, tonse phwaa kuseka. Anthu ake ndife tomwe, a Phiri a Banda a Jere, minda ya kachewere ngati kwathu konkuno. Nesi wamkulu amene adatilandira adati pulayimale adaphunzira ku Ntcheu nthawi ya nkhondo makolo ake atathawira kuno, adabwerera kwawo mtendere utabwera cha m'ma 1992, nde Chichewa chake chidali chosalala kuposa cha ana athu a ku tauni.

Tidapitira nkhani ya atsikana osiya sukulu chifukwa cha mimba, koma tsiku loyamba lomwelo nkhani idakhotera pa kuchotsa mimba ndipo sidabwererenso.

Nesi uja adatikhazika pa mabenchi nkuyamba kufotokoza ngati akunena za sikelo ya ana, osatsitsa mawu olo pang'ono, ife tikuyang'anana. Akuti kwawoko lamulo lidasintha mu December 2014, adasayina ndi pulezidenti Armando Guebuza. Mayi kapena mtsikana akabwera mimba isadapitirire masabata 12 nkupempha molemba kuti sakufuna kupitiriza, amathandizidwa kuchipatala, safunsidwa kuti bwanji udachita chibwana. Ngati adagwiriridwa kapena mimbayo ndi ya pachibale mpaka masabata 16, ngati mwana m'mimbamo ali ndi chilema chachikulu mpaka masabata 24. Amene sadakwane zaka 16 pamafunika kholo kapena omuyang'anira avomereze. Ndondomeko yoti achipatala azitsatira idadzatuluka 2017. Adatitulutsira zomwe amagwiritsa ntchito, mapilisi a mifepristone ndi misoprostol, komanso kachipangizo kokhala ngati jekeseni wamkulu kotsukira chiberekero, amati MVA.

Apa mpamene anesi athu aang'ono aja adagwira pakamwa. Adati abale, kachipangizo aka ife tili nako, misoprostol tili naye, ntchito yake timaidziwa, kusiyana kwake nkoti ifeyo timadikira mwana wa eni ayambe wadzivulaza kaye, abwere atanyamulidwa pa njinga magazi ali chuchuchu thupi likutentha, nde pamenepo lamulo limatilola kumutsuka. Akabwera ali bwinobwino kudzapempha timamubweza. Mawu amenewo andikhala mumtima mpaka lero, eti chipatala chimakulandira ukabwera ndi phesi la chinangwa m'mimba koma chimakubweza ukabwera kudzafunsa ulibe bala.

Kwa amene simudziwa lamulo lathu, nanenso ndidalimvetsa bwino paulendo omwewu. Lili mu Penal Code, buku la milandu lomwe adatisiyira atsamunda la 1930. Ndime 149 imati ochotsa mnzake mimba zaka 14 kundende, ndime 150 mayi odzichotsa yekha zaka 7, ndime 151 opereka mankhwala kapena zipangizo zaka 3. Kampata kali pa ndime 243 pokha, pamene dokotala akupulumutsa moyo wa mayi. Nde munthu ungaganize kuti ndi zilango zotere palibe amachotsa, koma kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la ku America la Guttmacher adapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zidachotsedwa m'Malawi muno. Ife a mother group sitifunikanso kafukufuku, timadziwa kuti sopo wa ufa sachapira zovala zokha, timadziwa agogo amene amapitidwa usiku, timadziwanso maliro aja amalengezedwa kuti adadwala malungo aakulu pamene mudzi onse ukudziwa chidachitika. Ndipo amene amafa ndi ana a ife osauka, mwana wa bwana amakwera galimoto kupita ku tauni Lachisanu, Lolemba ali mkalasi ngati palibe chachitika.

Mkangano weniweni udabuka madzulo ku resiti hausi tikudya nsima ya nyemba. Amayi abusa, amene mukuwadziwa kuti sabisa mawu, adati iwo zimene amva masana zawawawa, moyo ndi wa Mulungu ndipo umayamba tsiku lomwe mimba yakhala, lamulo lakuti usaphe silidati pokhapokha masabata 12. Adatinso mukatsegula khomo limeneli atsikana azingotayirira podziwa kuti kuchipatala akachotsa. Sindikufuna muwaone ngati ouma mtima ayi, mayi amenewa alera ana amasiye angapo pakhomo pawo, akamanena za moyo amanena zomwe amachita.

Ine ndidakhala chete kanthawi kenaka ndidalephera kupirira. Ndidawakumbutsa za mwana uja tidamutaya zaka zapitazo, dzina sinditchula, wa sitandade 7 yemwe adapatsidwa mimba ndi munthu wamkulu omuyang'anira yemwe. Tidapita naye kuchipatala adatiuza kuti palibe chomwe angachite ayambe sikelo basi, patatha masabata awiri tidakamuika m'manda. Amene adamuchita zimenezo adakhala nawo pa maliro atavala jekete, adaponya nawo dothi. Ndidafunsa kuti amayi, pamenepaja lamulo lidapulumutsa moyo wa ndani, poti mimba idapita mwananso adapita. Ndidanjenjemera polankhula, pepani amayi abusa ngati ndidakweza mawu.

Amene adaiika bwino nkhaniyi ndi mayi wina wachikulire wa komweko, wa gulu la amayi lomwe lidatilandira, Mkatolika wa kolona m'khosi. Adati iye payekha sangachotse ndipo mwana wake atabwera angamupemphe kuti asunge amulerera, koma kupempha ndi kumanga ndi zinthu ziwiri. Adapereka chitsanzo cha magazi, akuti m'bale wako akagonekedwa kuchipatala magazi atamuthera adokotala amakupempha kuti upereke, ukakana anthu akunena kuti ndiwe oipa mtima koma palibe wapolisi angakugwire nkukukoka magazi mokakamiza ngakhale m'baleyo afe, chifukwa thupi ndi lako. Nde zitheka bwanji kuti botolo limodzi la magazi boma silingakukakamize, koma miyezi 9 yonyamula mimba, kutupa miyendo, kung'ambika pobereka, mwinanso opaleshoni kapena fistula kwa kamwana koti chiuno sichidakhwime, zimenezo nde likukakamize ndi ndende. Ndipo lamulo lawolo silidakokere munthu aliyense kuchipatala, osafuna amasunga mimba yake, matchalitchi ali pompo amadzaza Lamulungu lililonse ndipo ansembe amalalikirabe zomwe amakhulupirira.

Za kutayirira zija adayankha ndi anesi athu aakulu, adati mtsikana akathandizidwa kuchipatala amatuluka atalangizidwa za kulera, ena jekeseni ena ka pamkono, pamene opita kwa agogo usiku amabwerako ndi bala lokha chaka chamawa alinso pomwepo. Komanso ambiri amene iwo amawatsuka si atsikana a sukulu ayi, ndi amayi apabanja a ana 5 kapena 6 amene bambo amakaniza zolera, kamwana kali kumsana kena kali m'mimba chimanga chidatha mu December. Pamenepo amayi angapo adangoti mmm, aliyense akuyang'ana mbale yake.

Bambo a komiti aja nde munthu wa nyuzi ndi wailesi, adatiyalira mbiri yonse. Akuti pali pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa amayi lomwe adagwirizana mu 2003 mumzinda wa Maputo momwemo, amalitcha Maputo Protocol, ndime 14 imati maiko alole kuchotsa mimba kuchipatala ngati mayi wagwiriridwa, ngati ndi ya pachibale, kapena ngati ikuika pachiswe moyo ndi thanzi lake, la m'thupi ndi la m'maganizo lomwe. Malawi adavomereza pangano limeneli mu 2005, tidasayina tokha palibe adatigwira dzanja. Kenaka Law Commission, nthambi younikanso malamulo a dziko, idayendayenda kumva maganizo a anthu nkulemba bilu yoti lamulo lifewe pa zifukwa ngati zomwezo. Ine ndimaganiza kuti biluyo imati aliyense azingochotsa mmene wafunira, ayi ndithu, siyidafike ngakhale pa za ku Mozambique, idangotchula moyo ndi thanzi la mayi, chilema chachikulu cha mwana, kugwiriridwa ndi chibale. Koma mu December 2016 mipingo idayenda m'misewu kuikana, ndipo mu March 2021 a Mathews Ngwale phungu wa ku Chiradzulu atafuna kuibweretsa m'nyumba ya malamulo aphungu anzawo adakana ngakhale kuikambirana kumene. Osati kuikana atakambirana, kukana kuyamba. Chomwe chidasunthako ndi ku khothi, mu October 2025 khothi lalikulu ku Blantyre lidagamula kuti mtsikana wamng'ono amene adagwiriridwa nkukanizidwa thandizo lochotsa mimba adaphwanyiridwa ufulu wake, potengera lamulo la Gender Equality Act la 2013. Nditamva zimenezo ndidaganiza za mwana wathu uja, kuti chigamulo chidabwera iye atagona kale.

Ku Zambia nakonso akuti lamulo lawo ndi la 1972, dziko loti lidadzitcha lachikhristu, kungoti limafuna madokotala atatu asayine, kumudzi madokotala atatu uwapeza kuti.

Tsono musaganize kuti ku Ulongwe ndi kumwamba. Tsiku lachiwiri tidapita kumudzi wina kunja kwa tauni, mseu wafumbi minibasi ikuchita kulira, ndipo amayi ambiri amene tidacheza nawo samadziwa nkomwe kuti lamulo lidasintha, zaka zonsezi. Ena amadziwa koma amaopa kuti akapita kuchipatala akakumana ndi mlamu wawo pa mzere, nkhani ifika kunyumba iwo asadafike. Ena adati alipo achipatala amene amakana kapena kukunyoza kaye. Ndipo masabata 12 satalika, mtsikana oti akumanga chitenje mothina kubisira amake akamadzaulula nthawi idatha kalekale. Nde azitsamba akadali ndi makasitomala kumenekonso. Ine chomwe ndidatolapo nchoti pepala losayinidwa ku likulu silimayenda lokha, amaliyendetsa ndi anthu ngati ife tomwe, anankungwi, mafumu, amayi a pachitsime. Koma bola iwo akamayenda m'midzi ali ndi chowauza anthu, ife tingamuuze chani mwana wa sitandade 7, kuti dikira aphungu.

Maganizo anga ine ndi oti bilu ija ibwerere ku nyumba ya malamulo ndipo aphungu athu tiwafunse maso ndi maso akabwera kudzapempha mavoti, ndipo ndikanakonda tidzafike pomwe afika anzathuwa kuti mayi asamachite kufotokoza manyazi ake onse kuti athandizidwe. Amayi abusa sadagwirizane nane pamenepo ndipo sadabise, adati za masabata 12 mwa kufuna kwa munthu iwo ayi mpaka kalekale. Koma pa mwana ogwiriridwa adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati pamenepo sangaimike dzanja kutsutsa.

Pobwerera tidagula buledi wawo uja wautali ndi mafuta ophikira, pa boda adatisecha pang'ono nkutisiya. Titatsika pa Lizulu dzuwa likulowa, msika uli piringupiringu mbali zonse ziwiri za tala, ndidaona kamtsikana kakudumpha mseu ndi beseni la tomato pamutu kuchoka tsidya lino kupita tsidya linalo kenaka nkubwereranso kuthamangira basi, mwina katatu konse. Amayi abusa adaima pambali panga akukayang'ananso, kenaka adakoka anesi aang'ono pa dzanja ndidamva akufunsa motsitsa kuti paja ogwiriridwa anati masabata angati.

Tikumana Lachinayi 2 koloko pansi pa mtengo wa kusukulu, afumu avomera kubwera ndipo anankungwi awiri tawaitana. Mayi apampando akuti ndiyambe kulankhula ndine, ine ndati ayambe anesi ndi nkhani ya kachipangizo kaja. Amene simudamalize K2,000 ya chakudya cha paulendo mubwere nayo, mayi msungichuma adabwereka ya geni yawo.